Dzanja la Bewat

Madzulo amenewo Kayep anawotcha sago yake yekha, monga masiku onse. Sago ndi ufa wochokera mu mtengo wonga mgwalangwa, ndiyo nsima ya kumeneko. Ana ake awiri, Yosep ndi mng'ono wake, ali ku tauni ku Agats. Sabwera. Ngakhale pa phwando la bisi lokumbukira malemu mayi awo sanaoneke, ati bwato la injini ladula. Ana a masiku ano.

Phwandolo linali litatha masiku anayi apitawo. Mzati wa bisi, mtengo wautali uja amasemapo akufa, anausema ndi Kayep yemweyo m'nyumba ya amuna, miyezi iwiri yathunthu. Panali anthu atatu, wina ataima pa mapewa a mnzake. Wapansi anali Bewat, mkazi wake. Anamusema ndi chipsera cha pachibwano chomwe, n'kumupaka njereza.

Mwambo wake ngakhale mwana amaudziwa. Ng'oma zikaleka, mzati umapita ku dambo la mitengo ya sago. Amauthyola manja ndi miyendo, n'kuusiya uwole. Ukamawola, akufawo amawoloka kupita ku Safani, mudzi wa mizimu, kutsidya kwa nyanja. Amuna anauponya m'matope n'kuthamangira fodya wawo. Kayep anati atsala athyole yekha. Awiri apamwambawo anathyola. Atafika pa Bewat, nkhwangwa inamulemera. Anamudula wathunthu, kumukulunga m'mphasa, n'kukamumangirira kunsi kwa nyumba.

Dzuwa likulowa kunadutsa Osom, mlongo wake wa malemuyo.

"Alamu, munathyola onse?"

"Ndinathyola."

"Nanga galu wangayu akukaniranji kudutsa pano? Kapena ndi fungo lanu? Paja simusamba chimwalirireni mlongo wanga."

"Galuyo watengera mwini wake. Mantha."

Osom anaseka pang'ono. Koma makwerero sanakwere.

Usiku madzi a m'nyanja anadzaza mtsinje mpaka kulowa kunsi kwa nyumba. Kayep anagona pafupi ndi moto. Mbali inayo panali mphasa yopanda munthu.

Kenako pansi panagogoda. Ko. Ko. Ko.

Anati ndi bwato likugunda mtengo. Koma bwato anali atalikokera kumtunda ndi manja ake. Panagogodanso katatu. Ndi mmene Bewat ankagogodera ndi nkhafi akabwera kogwira nkhanu, kuti mwamuna amulandire dengu.

Anasuzumira pa mpata wa pansi ndi tochi yake yofooka. Mphasa ija inali kuyandama, yotambasuka. Munalibe kanthu.

Makwerero analira. Loyamba. Lachiwiri. Lachitatu, lomwe linali lothyoka, analidumpha. Mlendo sakanadziwa.

M'nyumba munalowa fungo la matope ndi njereza. Wina anakhala tsidya la moto. Madzi ankadontha pansi. Kayep sanatembenuke.

"Mayi a Yosep," anatero. "Ndinu?"

Moto unatsala makala okha.

"Anzanga apita," anatero mawuwo. Anali ouma ngati thabwa. "Bwato landisiya."

"Khalani. Nyumba ndi yanu ino."

"Ndatopa, bambo a Yosep. Miyendo munandisiyira, koma kopita ndilibe."

"Ndikakuthyolani, nditsala ndi ndani? Ana sabwera. Mlongo wanu amangoima panja."

Kayep anangomva chinthu chozizira, cholimba, chikumugwira pa mkono.

"Ndiperekezeni."

Kutacha, amayi opita kokagumula sago anamupeza Kayep ku dambo kuja, atakhala m'matope mpaka m'chiuno, pambali pa mzati. Kumeneko n'kutali, umapalasa mpaka mapewa kuwawa. Koma bwato lake linali kumudzi, pamtunda, louma.

Nkhwangwa inali pa miyendo pake. Bewat wamtengo uja anali gone pambali. Miyendo yothyoka. Dzanja lamanzere lothyoka. Lamanja linali bwinobwino, ndipo Kayep anali ataligwira.

Anakaitana Osom. Iye atafika anaima patali, kuyang'ana dzanja lija.

"Malizani, alamu. Latsala limodzi."

"Mawa," anatero Kayep.

Mawa limenelo silinafike. Mvula ziwiri zadutsa. Mzati wonse unawola, pamalopo panamera sago. Dzanja lija lokha lili njo m'matope, njereza yake osasuluka. Kayep amapitako madzulo alionse ndi sago ziwiri zowotcha, n'kubwera chimanjamanja.

Anthu amanong'ona. Ena amati mayiyo akadali pagombe, akudikira bwato. Ena amati sizikudziwika amene wagwira mnzake. Pakamwa ali napo anthuwa. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo makwerero aja kukakhala naye madzulo.