Helikopita ya Hazuki, Zala za Shinpei

Hazuki Kuramochi anatsika basi pa siteji ya pamlatho atakumbatira chibokosi chachitali ngati akupita kukaika maliro a nsato. Asanapume n'komwe, njinga inadutsa mwaliwiro n'kugunda ngodya ya bokosilo.

"Maso munasiya kunyumba?" anatero Hazuki.

Mnyamata wa njingayo anabwerera, koma osati kudzapepesa ayi. Anayang'ana bokosilo, anayang'ana tinsapato toyera ta Hazuki, kenako n'kufunsa ngati amuna ake amutuma kudzasiya katundu kubwalo. Hazuki anamuuza kuti helikopita ya rimoti ili m'katimo ndi yake, anaimanga yekha, ndipo ngati phiko lapindika wa njingayo aliwongola ndi mano.

"Tikaonera komweko, achemwali," anatero mnyamatayo uku akupalasa.

Bwalo la kalabu linali pansi pa mtumbira wa mtsinje, pa kapinga wometedwa bwino. Madala anali atakhala kale pa timipando tawo topinda, aliyense akupukuta helikopita yake ngati khanda. Wapampando wa kalabu, a Nagumo, anawerenga dzina pa fomu, anavula magalasi, anawavalanso.

"Kuramochi. Ndinu uja wa tenti?"

Eya, anali yemweyo. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, pa mpikisano wa pabwalo lomweli, helikopita ya Hazuki inasiya mlengalenga monse muja n'kukalowa mu tenti ya oweruza. Palibe anavulala, koma kanema wa madala atatu akukwawa pansi pa tebulo anayenda m'mafoni chaka chathunthu. Kuyambira tsiku limenelo Hazuki akangogwira rimoti zala zinkamunjenjemera. Anatsekera zonse m'kabati. Chaka chino ndi pomwe anati basi, manyazi sangamudye mpaka ukalamba.

A Nagumo anamuuza lamulo mosanyengerera: aliyense amene wakhalitsa osaulutsa amayamba ndi chingwe mpaka atakhoza mayeso. Marimoti awiri amalumikizidwa ndi waya. Mphunzitsi amagwira rimoti ya mwini helikopita, wophunzira amapatsidwa ya kalabu. Mphunzitsi akapanikiza kabatani ndi chala, helikopita imamvera wophunzira. Akangochotsa chalacho, yabwerera m'manja mwa mphunzitsi.

Nanga mphunzitsiyo anali ndani? Mwayamba kale kuseka eti? Wa njinga yemwe uja, Shinpei Akutsu.

Tsiku loyambalo linali la chisoni. Shinpei atangopanikiza kabatani, helikopita inayamba kudzandira ngati chidakwa chotsika sitima yomaliza. Inapendekera kumtsinje, inabwerera kwa anthu, Shinpei anailanda kanayi konse. Mdala wina ananyamula mpando wake kukakhala kuseri kwa galimoto. Wina anavala chipewa cha njinga yamoto n'kumanga lamba wake bwinobwino, maso ali pa Hazuki.

Hazuki anakalirira pa siteji ya basi. Ali m'basimo foni inalira, anali Shinpei.

"A Kuramochi, zala zanu sizinaiwale, zangogona. Bwerani Lamlungu tidzazidzutse."

"Dzutsani kaye ulemu wanu," anayankha.

Koma Lamlungu anapita.

Ndiye kunachitika zodabwitsa. Shinpei anaima pafupi naye n'kumalankhula chapansipansi: kwezani pang'ono, imani pompo, kumanzere, bwererani. Hazuki ankangotsatira mawuwo, ndipo helikopita inaima m'malere ngati yakolekedwa pa msomali. Inazungulira bwalo lonse, inadzatera pa kapinga osagwedeza n'kaudzu komwe. Hazuki anayang'ana zala zake, zikunjenjemerabe, n'kufunsa kuti zatheka bwanji.

"Manja amakumbukira zimene mutu waiwala," anatero Shinpei.

Mtsikana wanji amene mtima sungagwe ndi mawu ngati amenewo?

Zinayambira pa khofi wotentha wa m'chitini amene Shinpei ankamugulira pa makina a pamlatho. Zinafika pa mbatata yootcha ya pa kagalimoto koyendayenda, imodzi kunyema pawiri. Masamba asanathothoke m'mitengo, "a Kuramochi" anali atatha, "inu" atasanduka "iwe". M'mawa uliwonse Hazuki ali pa sitima yopita kuntchito foni inkalira.

"Wadzuka bwanji kanamzeze kanga? Kumwamba kulibe mtambo lero, ndiye kuti kukudikira iwe."

"Usiye bodza, kukugwa mvula."

"Kwa ine sikugwa. Ndili ndi dzuwa langa."

Lonjezo lalikulu analinena atakhala pa mtumbira, miyendo ili lendee: "Tsiku limene udzauluke wekha popanda chingwe, mawa lake ndidzavala suti kukagwada kwa bambo ako. Ndikulumbira, mtima wanga."

Hazuki anasunga mawuwo ngati dzira. Chovuta chinali chakuti tsikulo silinkafika. Akanena za mayeso, Shinpei ankati kuli mphepo. Kukakhala kopanda mphepo, ankati mabatire sakumusangalatsa. Mabatire akakhala bwino, ankati a Nagumo adzuka ndi mkwiyo, tidikire sabata ya mawa. Miyezi itatu!

A Nagumo nawo sankathandiza. Anthu akamayang'ana kumwamba, iwo ankayang'ana pansi, pa manja a awiriwo, n'kumagwedeza mutu. Tsiku lina Hazuki anawafunsa monyada ngati aona mmene wakhoterera, ndipo mdalayo anayankha uku akutsegula botolo lake la tiyi.

"Helikopita yanu imauluka bwino kwambiri. Inuyo kaya."

Hazuki anapsa mtima mpaka m'makutu. Mdala wanjiru, mdala wa kaduka, mdala amene sakufuna kuiwala za tenti! Tsiku lomwelo, Shinpei atapita kukagula khofi, Hazuki analemba dzina lake pa pepala la mayeso a Lamlungu lomaliza la Disembala. Sanamuuze. Ankafuna adzamudzidzimutse, kenako adzamufunse ngati suti ija yasitidwa.

Disembala inabwera ndi mphepo yake ya kumapiri, ija imaluma zala mpaka kufupa. Aliyense pabwalopo anayamba kuveka rimoti yake thumba la ubweya, lija umalowetsamo manja n'kumaulutsa zala zili m'kati mobisika. Shinpei anamugulira Hazuki lofiira.

Kutatsala sabata imodzi kuti mayeso achitike, kam'mutu ka Hazuki kanamutuma zachibwana. Shinpei ankakonda kudzitama kuti palibe wophunzira amene anamukuwitsapo, iye mtima wake ndi mwala. Hazuki anati lero timva. Pulani yake inali yaing'ono: Shinpei akati khota, iye asakhote. Helikopita ilunjike kumtsinje kwa masekondi awiri okha, mwamuna wa mtima wa mwala akuwe ngati mbuzi, alande helikopitayo, aseke onse awiri.

Inanyamuka bwinobwino. Inadutsa kutsogolo kwawo, n'kulunjika kumadzi.

"Khota kumanzere, kanamzeze."

M'kati mwa thumba muja, Hazuki anachotsa zala pa tindodo ta rimoti. Analuma mlomo kuti asaseke.

Helikopita inakhota kumanzere. Mwaulemu, mosalala, ngati yadzola mafuta.

Hazuki anaphethira. Mwina mphepo? Shinpei anati kumanzerenso. Hazuki anakankhira kandodo kumanja, mpaka kumapeto. Helikopita inapita kumanzere. Anatsitsa kandodo kenako pansi penipeni, kuti ikanakhala ikumumvera ikanagwa ngati mwala. Inakwera.

Kuseka kuja kunafera pakhosi.

Anasolola manja onse awiri m'thumba muja pang'onopang'ono. Rimoti inatsala ikulendewera pa lamba wa m'khosi. Anapisa manjawo m'matumba a jekete n'kungoima, akuonerera helikopita yake ikujambula nambala eyiti mumlengalenga.

Shinpei maso anali kumwamba. "Choncho, mtima wanga. Taona zala zimenezo! Ndani angakupose pabwalo pano?"

Madala anayamba kugundana zigongono. Wa chipewa uja ndiye anayamba kuphulika, enawo n'kutsatira. Mmodzi anakuwa kuti mtsikanayu wafika patali, akuulutsa ndi maganizo. A Nagumo okha sanaseke.

Shinpei anacheuka. Anaona manja ali m'matumba. Nkhope yake inachita ngati pepala. Anatsitsa helikopita mofulumira, ndipo mapiko atasiya kuzungulira Hazuki anamufunsa.

"Kuyambira liti?"

"Hazuki, tiye tikakambirane kuseri kwa..."

"Ndati kuyambira liti?"

Shinpei anavomera, mutu uli pansi. Kuyambira Lamlungu lachiwiri lija. Kabatani sanakapanikizenso ngakhale kamodzi. Ankanena kokhotera, iye yemwe n'kukhotetsa. Anati tsiku loyamba lija anamuona akulira pa siteji ya basi, anadziwa kuti zikachitikanso sabweranso. Ankafuna angomupatsa Lamlungu limodzi lokoma. Kenako anaona mmene Hazuki ankasekera helikopita ikatera, ndipo chala chinakana. Sabata iliyonse ankati sabata ya mawa.

"Ndinachita chifukwa ndimakukonda."

"Umandikonda. Ndiye unandiimika pano miyezi itatu ngati mtengo wa magetsi, ndikugwedeza tindodo topanda ntchito, anthu awa akuonerera?"

Shinpei anati palibe ankadziwa. A Nagumo anatsokomola kachifuwa kouma.

Hazuki anamuuza za pepala la mayeso. Anamufunsa kuti Lamlungu likubwerali akanaima pamzere yekha, wodzikhulupirira, zala zake zisanaphunzire kalikonse, helikopitayo ikanagwera pamutu pa ndani? Shinpei anati akanapeza chifukwa choimitsira mayesowo.

"Mpaka liti? Mpaka ukwati? Mpaka ana akule, ndikuwauza kuti mayi anu ndi katswiri?"

"Kanamzeze kanga..."

"Dzina langa ndi Kuramochi."

Anavula lamba wa m'khosi, anaika rimoti ya kalabu pa kapinga, thumba lofiira lili pomwepo. Anazula chingwe. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani rimoti yanga, a Akutsu."

"Inu" ameneyo anamulasa Shinpei kuposa mbama. Anayesa kunena kuti mphepo yakula, kuti aiphwanya, kuti miyezi yonse imene anaimanga ipita pachabe. Dzanja la Hazuki silinatsike. Anapereka.

A Nagumo anaimirira n'kukumbutsa kuti lamulo la kalabu sililola munthu wosakhoza mayeso kuulutsa yekha. Hazuki anawauza kuti akatha amuthamangitse, fomu yake aing'ambe, sadandaula. Mdalayo anatembenukira kwa anzake.

"Nonse kuseri kwa magalimoto. Iwenso Akutsu."

Zala za Hazuki zinali zozizira. Misozi inali ikutseka maso. Panalibe mawu a chapansipansi pafupi ndi khutu lake, ndipo chomupweteka kwambiri chinali chakuti ankawasowa. Mtima ndi chitsiru, abale.

Mapiko anazungulira. Helikopita inadzuka kufika m'mawondo, inapendekera kumanja. Anaikankhira kumanzere, ndipo inapita kumanzere, mopitirira, monyansa, koma inapita! Anaibweza. Inamvera. Inakwera kufika pachifuwa, ikugwedezeka ngati mbale pamutu pa mwana. Masekondi asanu. Asanu ndi atatu. Khumi ndi limodzi.

Mphepo ya kumapiri inabwera n'kuikankha kumchira. Hazuki anachedwa kuyankha. Phiko linakhudza kapinga, ndipo kunamveka phwaa! Zidutswa zinauluka, helikopita inagudubuzika kawiri n'kugona chammbali.

Palibe anaseka.

Hazuki anazimitsa rimoti n'kuyenda kupita pomwe inagwera. Mapiko onse awiri anali atathyoka, mchira utapindika. Anagwada n'kuyamba kutola zidutswa, chimodzichimodzi, akuika pa jekete.

A Nagumo anakuwa ali kuseri kwa galimoto kuti m'moyo mwawo sanaonepo kuulutsa konyansa chotero, ndipo dzina lake alifufuta pa pepala la mayeso. Koma ngati mapiko atsopano apezeka, Lamlungu chingwe adzagwira ndi iwowo, ndipo iwo chala chawo sichichita manyazi.

Shinpei anafika akuthamanga. Anagwada pafupi naye, maso ofiira, akubwereza kuti amukhululukire, aikonza yekha, ya suti ija ikadalipo. Anatambasula dzanja kuti anyamule mchira wopindikawo.

Hazuki sanamuyang'ane n'komwe.

"Musagwire, a Akutsu. Iyi ndagwetsa ndekha."