Kasupe Wakana Misozi

Kamakinako kanali kakang'ono ngati njere ya nyemba, ndipo madokotala adakaika kuseri kwa khutu la Esinala m'chaka cha 2071. Ankakatcha Kasupe. Pa mphindi ziwiri zilizonse kankanyowetsa maso ake ndi m'kamwa, pang'ono chabe, mongokwanira kuphethira ndi kumeza.

Vuto la Esinala linali lakuti asilikali a m'thupi, amene amayenera kulimbana ndi tizilombo, adaukira mwini wake. Adaumitsa misozi ndi malovu, kenaka adayamba kutupitsa mitsempha ya magazi mpaka miyendo idachita madontho ofiirira. Kasupe ankawasaka oukirawo m'magazi n'kuwagwira asanaononge.

"Koma osakachotsa, mayi," adatero dokotala. "Mukangotero, mitsempha ya ku impso itupa tsiku lomwelo."

Esinala adakhala bwino zaka zinayi. Kenaka mwamuna wake, Lifa, adamwalira mwadzidzidzi, kumusiya ndi ana.

M'nyumba ya siwa, chisoni chitamukulira Esinala, Kasupe adamva mtima ukuthamanga nayesa kuti matenda abuka. Timawu take tidamveka m'khutu: "Ndikukhazika thupi pansi."

"Ndisiye ndilire, chonde," adanong'ona Esinala.

"Pepani. Thupi lili pa ngozi."

Azimayi onse ankalira mokweza. Iye anali phee, nkhope youma, mpweya ukuyenda bwinobwino ngati munthu wodikira basi.

"Taonani maso gwa!" adatero azakhali a malemu, osatsitsa n'komwe mawu. "Mwamuna ali m'bokosimu, iye ngati ali pamsika. Akudziwapo kanthu ameneyu. Ana aja tiwatenga, sangakule ndi mtima wotere."

Esinala adagwira kuseri kwa khutu. Kukazula sikunali kovuta. Koma nanga ana omwewo akadatsala ndi yani?

Pamenepo Filesi, mlongo wa malemu, amene sankacheza naye kwenikweni, adadzuka ngati akukamwa madzi. Adaviika nsonga ya chitenje mu ndowa. Pobwera adamukumbatira Esinala, namupaka madziwo m'masaya mobisa.

"Weramani, alamu," adamunong'oneza. "Muzingogwedeza mapewa. Mawuwo ndikulirirani ine."

Ndipo Filesi adalira kulira kwa anthu awiri, akutchula dzina la Lifa mpaka mawu adasasa. Azakhali aja adasuzumira, naona masaya onyowa, nakonza mpango wawo.

Esinala adakhalabe chiweramire pachifuwa cha mlamu wake, akumva madziwo akuuma pang'onopang'ono. Mawa kumanda kudzafunikanso ena. Makina adamusungira moyo ndithu, koma kuyambira tsiku limenelo, chisoni chake chinkatulukira m'maso mwa anthu ena.