Kathumba Kotsala M'dothi

Medson anaweruka mochedwa kumalo ofufuzira za bowa mu Nairobi, maminibasi omaliza a ku Kawangware, kumene ankakhala, atapita kale. Bwana ndiye anamugwira, akuti amalize kulemba makadi a m'mabotolo osungira bowa, makadi amene dzina la wokumba silikhalapo n'komwe. Wodetsa zala wina, wotchuka wina! Munali mu Epulo 1979, mvula itangokata.

M'manja ananyamula thumba la pepala. Mkazi wake Lenah anali ndi pakati, ndipo mwezi wathunthu ankangolira bowa wa utale wa kwawo ku Dedza. M'mawa wa tsikulo Medson anapeza bowa woyera mbee kuseri kwa mpanda. Theka anapatsira mnansi masana kuti Lenah ayambe kuphika, wotsalayo ndi amene ananyamulayu.

Lamulo la pantchito ankalidziwa: bowa aliyense umukumbe ndi tsinde lomwe. Koma iye ankati zimenezo n'za mabotolo. Wandiwo amangothyola, ngati kumudzi.

Njira inkadutsa pa nyumba yakale ya antchito, yopanda zitseko. Kunali zii. Kenako mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazinso anaima.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Chichewa! Mu Nairobi, usiku ngati uno!

Pakhomo la nyumbayo panaima bambo wovala ovololo ya khaki, kadengu kali m'manja. Ankanunkha dothi lonyowa. Maso ake... achikasu.

"Ndiwo zabwino izo. Munakumba, kapena munathyola?"

"Ndinathyola. Ndinu yani kodi?"

"Inenso ndinathyola."

Bamboyo anatambasula dzanja. Tsinde loyera, dothi likuyoyoka. Kunsi kwake kathumba, ngati chigoba cha dzira.

"Mwasiya ichi m'mawa."

Medson anapenyetsetsa tsindelo. Utale umakhala ndi muzu wautali wolowa m'chulu. Kathumba ulibe. Ulibe! Bowa wa kathumba ndi wakupha!

Anadzutsa mutu... Palibe munthu. Khomo lokha, kukamwa yasa.

"Lenah!"

Anataya thumba. Liwiro. Matope. Anagwa, anadzuka. Agalu anauwa. Nsapato imodzi inatsala m'ngalande.

Anapeza Lenah atakhala pakhomo, poto ali pambali, wovundikira.

"Mwachedwatu, bambo. Ndimadikira inu."

"Wadya? Ndiuze, wadya?"

"Ayi, ndidye ndekha? Ndangolawa mchere basi... kawiri."

Lenah anagona m'chipatala milungu itatu. Anatuluka wamoyo, koma pakati panapita padera.

Atabwerera kuntchito, Medson anafotokozera mayi Joanna, amene anasesa pamalopo chiyambire. Mayiwo anasiya tsache kuti ligwe.

"Wa ovololo ndi kadengu? Ameneyo ndi Greyson, wa kwanu komweko. Bowa wa m'mabotolo oyamba onsewa anakumba ndi iyeyo."

"Ali kuti? Ndikamuthokoze."

Mayi Joanna anatsika naye kuchipinda cha mabotolo, n'kuloza limodzi lafumbi pakona. M'katimo munali tsinde loyera la kathumba. Pakadi panali dzina lachilatini, dzina la bwana, ndi chaka: 1971.

"Ili anakumba apolisi, kuseri kwa mpanda komwe munathyola inuko. Bwana anati nkhaniyi isamveke, ingaipitse mbiri ya malo ano."

"Nanga Greyson?"

"Tinamuika chaka chomwecho, mwana wanga. Iye ndi ana ake awiri. Anafera m'nyumba ija."