Anaba Pikapu Yopanda Mabuleki

Pikapu ya mayi Eveles inabedwa Lachinayi masana, anthu onse a pamsika wa Nankhuwi ali kumanda. Kunagwa zovuta za mkulu wina wa mpingo, ndipo kuno maliro akagwa palibe amagwira sipanala. A Eneya, makanika wa pamsikapo, anapachika makiyi a galimotoyo pamsomali m'kashedi kawo, n'kutseka, n'kupita kukathandiza kunyamula bokosi.

Pobwera anapeza loko atathyoledwa. Pansi pa mtengo wa mango panangotsala mizere ya matayala pafumbi.

A Eneya anakhala pa tayala lakutha. Dzulo lake anali atasintha timalabala ta kumawilo akumbuyo timene tinkadonthetsa mafuta a mabuleki, koma ntchito inali isanathe. M'mapaipi munali mudakali mpweya. Galimoto yotero ukaponda buleki, phazi limangolowa mpaka pansi ngati waponda m'matope.

Mwini wake sanachedwe. Mayi Eveles ankagula nandolo m'midzi, ndipo pakamwa pawo panalibe mabuleki chibadwire.

"A Eneya, galimoto yanga ili kuti?"

"Aba, mayi."

"Aba? Dzuwa likuswa mtengo chonchi? Makiyi anawapatsa ndani? Mwagulitsa inu! Tiyeni mukanenere kupolisi."

Kupolisi anapeza Sajeni Lekani, munthu wolankhula motsitsa. Anamvetsera onse awiri mpaka kumapeto.

"Bambo, ndisakubisireni," anatero sajeniyo. "Galaja ndi yanu, makiyi anali kwa inu. Galimotoyi ikapanda kupezeka, nkhani ikugwerani."

"Bwana, chitokosi ndimachiopa, sindinama. Zaka zonsezi sindinabepo ndi nati yomwe. Koma chikundiwawa kwambiri n'chakuti galimoto ija ilibe mabuleki, ndipo ana asukulu ali m'misewu."

"Ndiye wakubayo afika nayo kuti?"

"Pachigwa pano ayenda, n'posalala. Akafika potsetsereka aziona. Akapulumuka, afuna makanika."

Sajeni anagwedeza mutu. "Ine ndidziwitsa anzanga m'misewu. Inu imbirani anzanu a masipanala."

A Eneya anakhala pabenchi n'kuyamba kuimba. Anaimbira a ku Migowi, a kuboma, ngakhale owotcherera machubu. Aliyense ankangoti pepani akulu, tikaona tinena. Mayi Eveles anali tsidya lina la benchi, atapinda manja, akuwayang'ana ngati nkhuku yadya mbewu.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali Goodman, wokonza njinga zamoto ku Kaduya.

"Akulu, kuno kwabwera munthu, thukuta kamukamu. Akuti pikapu yake yataya mabuleki potsikira kumtsinje. Ndamuuza kuti zamagalimoto sinditha, ndiitana amalume anga."

"Yoyera? Chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya?"

"Ndi yomweyo. Manambala achotsa."

Galimoto ya apolisi inali itapita ku ntchito ina, ndipo inali m'njira kubwerera. Sajeni anaganiza pang'ono.

"Munthuyu akukudziwani?"

"Sindikhulupirira, bwana. Wakwathu aliyense anali kumanda."

"Tsogolani pakabaza. Mukamuchedwetse basi. Musakalimbane naye."

A Eneya anaipeza pikapuyo kuseri kwa uvuni wa njerwa, patali pang'ono ndi msewu. Bampala inali itapindika, masamba a nthochi atakanirira kutsogolo. A Eneya anayang'ana pansi pake ndi m'matayala. Munalibe magazi. Anapumira m'mwamba, mtima wawo n'kutsikako.

Munthuyo anati dzina lake ndi Phillip. Anali wa jekete yachikopa, wa Chichewa cha m'tauni, ndipo m'chiuno mwake munkaoneka chigwiriro cha mpeni.

"Madala, pangani changu. Ndikufuna ndikalowe mu Limbe kusanade."

"Anakugwirirani mabulekiwa ndani, achimwene?"

"Chitsiru china cha makanika kumudzi uko. Chikanandipha! Anthu otere ofunika kumangidwa."

Pa moyo wawo a Eneya anatukwanidwapo, koma kutukwanidwa ndi mbala chifukwa chosaikonzera bwino galimoto yoba kunali koyamba.

"Alipo ambiri otero," anayankha, akutsitsa jeke.

Goodman ananena kuti akukagula mafuta ena a mabuleki, n'kubwerera kumsewu kukadikira apolisi. A Eneya anakweza galimoto n'kumasula wilo lakumbuyo mosafulumira. Koma Phillip sankakhazikika. Ankazungulira uvuni, kusuzumira kumsewu, kubwerera. Pachigwa cha Phalombe fumbi la galimoto limaonekera kutali, ndipo a Eneya anadziwa kuti munthu woimirira aliona msanga n'kulowa m'minda ya nandolo.

"Achimwene, ntchito iyi ndi ya awiri," anatero. "M'mapaipi muli mpweya, tiutulutse. Kwerani. Ndikati pompani, muzipondaponda buleki. Ndikati gwirani, pondani osasiya. Ine pansipa ndimasula kanati kakuwilo, mpweya utuluke, ndimangenso. Mukadzutsa phazi ndisanamange, mpweya ubwerera, tiyambiranso poyamba. Limbe mukamuona mawa."

Phillip anakwera. Kutsogolo kwake kunali njerwa zokhazokha.

"Pompani!"

Chopondera chinalira kwiki, kwiki, kwiki.

"Gwirani!"

Kanati katamasuka, mafuta analavuka ndi thovu. A Eneya anamanga.

"Pompaninso!"

Anabwereza mpaka mafuta atayamba kutuluka oyera, opanda thovu. Anathira ena m'kabotolo ka kutsogolo, n'kusamukira ku wilo lina. Akanatha kungomunamiza, kumasula ndi kumanga kanati kamodzi mpaka apolisi afike. Koma manja awo sankadziwa kunama pa mabuleki. Ndipo Phillip, tinene zoona, anali wothandiza wabwino. Ankamvera kuposa ambiri amene a Eneya anawaphunzitsapo ntchito.

"Zayamba kulimba, madala!" anakuwa mokondwa. "Ndinu dolo inu. Osati chitsiru chija."

"Musatamande msanga. Pompani."

Anafika pa wilo lomaliza, lakutsogolo, phiri la Mulanje litayamba kuchita mthunzi. Apolisi sankaoneka. A Eneya anayamba kuda nkhawa, chifukwa wilo limeneli likatha, adzakhala atapatsa mbala galimoto yabwinobwino. Anagona chagada pafumbi, akupukuta kanati kosafunika kupukuta.

"Madala, mwagona pansipo?"

"Kanatika kachita dzimbiri. Dekhani."

Atatembenuza mutu, anaona nsapato zakuda zikuyandikira m'mbali mwa uvuni, mwakachetechete. Apolisi anali atasiya galimoto yawo kutali n'kubwera wapansi.

"Pompani!" anakuwa a Eneya. "Mwamphamvu! Gwirani pompo!"

Anamasula kanati. Nthawi yomweyo chitseko cha dalaivala chinatseguka.

"Manja pachiwongolero," anatero Sajeni Lekani, motsitsa monga mwa nthawi zonse. Wapolisi mnzake anasolola mpeni m'chiuno mwa Phillip. Unyolo unalira kete. "Fote yakwana, m'bale wanga. Tsika."

"Bwana, pepani!" Mawu anachokera pansi pa galimoto. "Asatsike kaye! Kanati kali kotsegula. Akadzutsa phazi, ntchito yonse yawonongeka."

Kenako sajeni anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Wamva," anauza Phillip. "Gwira."

Phillip anagwira. Manja ali m'unyolo, phazi lake silinasunthe. A Eneya anadikira mpaka thovu lomaliza litatuluka, n'kumanga kanati bwinobwino. Anakwawa kutuluka, nadzikuntha fumbi, mtima uli mbee kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Chakumbuyo kwa apolisi kunaima mayi Eveles, amene anabwera nawo, dzanja lili pakamwa, maso ali pansi.

Phillip anayang'ana a Eneya. "Madala, inu ndinu ndani kodi?"

"Mwini galaja imene mwathyola," anayankha a Eneya, akupukuta sipanala. "Siyani tsopano, achimwene, mwagwira ntchito yabwino. Mutengeni, bwana."