Dokotala wa m'Chigafa

Anamusudzula tsiku Loweruka, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Kalekeni anakhala pa njerwa, chipewa chili pabondo. Mpando wokhawo umene unali pabwalopo anakhalira Lameki, mlongo wake wa malemu Fainala, mkazi wa Kalekeni. Pamphasa anatambalala Dorika, mkulu wake wa malemuyo, akuswa mtedza mopanda changu kuti asaphonye mawu.

"Alamu, chaka chakwana," anatero Lameki. "Maliro talira, tameta. Lero takumasulani. Bwererani kwanu ku Njombwa, mukakwatire ngati mukufuna. Njinga ndi yanu, makasu ndi anu. Mwana ndi wathu."

"Ndamva," anayankha Kalekeni.

"Ndiye munyamuka liti?"

"Sindinyamuka."

"Hehede!" Dorika anaomba m'manja, makoko a mtedza n'kumwazika. "Mkamwini wokana kusudzulidwa! Ndinabadwa kale ine, koma izi sindinazionepo. Mwatsalira chiyani pano, bambo a Chiyamiko? Munda ndi wathu, nyumba ili padothi lathu. Kapena mukudikira kuti tikupatseni mkazi wina?"

"Jakisoni," anatero Kalekeni. "M'mawa ndi madzulo. Azimubaya ndani?"



Chiyamiko anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Matenda a shuga anamupeza nawo mayi ake akali moyo. Anayamba ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda ngati bango, ndipo pamene wataya madzi nyerere zinkaunjikana. Achibale anati walodzedwa. Kalekeni sanatsutsane ndi munthu. Anangomukweza panjinga mpaka kuchipatala cha ku boma. Kumeneko anamuuza kuti thupi la mwanayo silipanga chinthu chotchedwa insulini, ndipo azichilandira pa jakisoni moyo wake wonse. Anamuphunzitsa kubaya. Anamuphunzitsanso china chimene kumudzi sankafuna n'kuchimva komwe: mwana akabayidwa osadya, shuga amatsika m'thupi mpaka kukomoka, ndipo chomudzutsa ndi shuga yemweyo wothira mu tiyi.

Pamene Fainala ankadwala, Dorika sanabweretsepo ngakhale mtolo wa nkhuni. Koma atamwalira, mphekesera inamveka kuti pogawa makuponi a feteleza, nyumba zosunga ana amasiye aziziganizira poyamba. Kuyambira pamenepo Chiyamiko anasanduka "mwana wanga", "magazi a mng'ono wanga", ndipo Dorika akamutchula ankapukuta maso ouma ndi nsonga ya chitenje.

Madzulo a tsiku lomusudzulalo Dorika anatenga mwanayo ndi bulangete lake. Nyumba ya malemu Lameki anaikhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba. Kalekeni sanapemphe kiyiyo. Ananyamula mphasa n'kukalowa m'chigafa chake, momwe amayanikamo fodya, chimene nyengo imeneyo chinali chopanda tsamba. Anatchinga ngodya imodzi ndi udzu. Pamthunzi anakumba dzenje, anathiramo mchenga wonyowa, n'kukwiriramo kamtsuko mpaka m'khosi. M'kamtsukomo ndimo munkakhala kabotolo ka insulini kuti kasawonongeke ndi kutentha.

M'mawa ndi madzulo ankaima pakhomo pa Dorika n'kunena kuti, "Odi."

"Afika adokotala a m'chigafa!" Dorika ankafuula kuti oyandikana nawo amve. "Chiyamiko, tuluka, akulase abambo ako. Anzawo amabweretsera ana mandasi, awa singano."

Iye ankabaya, n'kunena kuti, "Adye tsopano," basi n'kubwerera.

Tsiku lina masana Dorika anatulukira kuchigafa akupuma mwaphuma, kajumbo kakang'ono kali lende pakati pa zala ngati wanyamula khoswe wakufa.

"Ichi n'chiyani?"

"Shuga."

"Ndikuona kuti ndi shuga, sindine wakhungu! Ndachipeza m'thumba la yunifolomu. Mwana akudwala shuga, inu n'kumamuikira shuga? Nyumba ikupsa, inu mukuthamangira palafini?"

"Akatsika m'thupi, amanyambita."

"Akatsika! Nanga si kuchira kumeneko? Tikufuna atsike, atheretu! Mayo ine, udokotala wophunzirira pa fodya ndi woopsa." Anasendera pafupi, mawu n'kuwatsitsa. "Mng'ono wanga munamumaliza mwakachetechete chonchi. Tsopano mwayamba mwana."

Kalekeni ankasoka thumba. Manja ake anaima. Anamuyang'ana mlamu wakeyo kwa nthawi, mpaka Dorika anayang'ana kumbali.

"Mukabwezeremo," anatero.

Sanabwezeremo. M'mawa mwake Kalekeni anakaona kajumboko pafupi ndi ketulo, kopanda kanthu. Anaika kena m'thumba la mwana, nakonso kanasowa. Atakadandaula kwa Lameki, iye anayankha akutokosa m'mano kuti nyumba ya mlongo wake ili ndi malamulo ake, ndipo munthu wosudzulidwa alibe mawu pamudzi. Kuyambira pamenepo shuga Kalekeni ankayenda naye yekha m'thumba la shati.

"Abambo," Chiyamiko ananong'ona madzulo ena akupinda mkono wa diresi, "amayi aakulu akuti ndikanyambita shuga ndifa."

"Manja akayamba kunjenjemera, uthamangire kwa ine."

"Nanga akandikaniza?"

"Ukuwe."

Misozi inatsika pamasaya a mwanayo. Kalekeni anaipukuta ndi chala chake chokhakhala.

Tsiku logawa makuponi linafika mvula isanagwe, kumwamba kuli mbee. Anthu a midzi yonse ya kufupi anauzidwa kuti akasonkhane pabwalo la sukulu. Kalekeni anabaya mwana m'mamawa monga mwa masiku onse.

"Adye phala asanachoke," anatero.

"Ana ndalera asanu ine. Musandiphunzitse phala!" Dorika anamenyetsa chitseko, fumbi n'kuyoyoka pakhoma.

Kalekeni anapita kudambo kukathirira nazale ya fodya. Pobwerako dzuwa litakwera, anadzera kuseri kwa khitchini ya Dorika. Phulusa linali lozizira. Mphika wa phala unali wovundikira pathandala, wouma monga anausiyira dzulo. Anaponya kheni pansi n'kuyamba kuthamanga.

Pabwalo la sukulu anapeza anthu atasiya mizere, ataunjikana malo amodzi. Anawakankha ndi mapewa. Pakati pawo Chiyamiko anali gone pafumbi, thukuta lili kamukamu, maso otseka mwatheka. Anali atamuveka diresi yakale yong'ambika imene mayi ake ankapukutira mbale, ndipo nsapato anamuvula. Dorika anali atagwada pambali, manja ali kumutu.

"Mwana wanga ine! Magazi a mng'ono wanga! Amupha bambo ake ndi majakisoni!"

"Ndi khunyu imeneyo, musamukhudze, mutengera!" wina anafuula.

"Si khunyu, ndi ziwanda. Tiyeni tipemphere!"

Kalekeni anagwada, anamugoneka mwanayo chammbali, n'kutulutsa kajumbo m'thumba la shati. Dorika atakaona anakuwa ngati waponda moto.

"Mugwireni! Ndi shuga ameneyo! Akumumaliza inu mukuona!"

Lameki anadumphira n'kumugwira dzanja. "Alamu, mukatiphera mwanayu tikumangitsani. Mwini mbumba ndine pano."

"Mbumba yanu ikufa. Siyani dzanja langa."

"Ndati mwini mbumba…"

Dzanja limenelo linali lozolowera kukweza mabelo a fodya. Kalekeni anangolikutumula kamodzi, Lameki n'kukakhala pansi ndi matako, miyendo m'mwamba. Kenako ananyowetsa chala ndi malovu, anachiviika mu shuga, n'kuyamba kupaka mkati mwa tsaya la mwanayo. Anapaka, anadikira. Anapakanso. Ngakhale Dorika anaiwala kulira, anangoti kukamwa yasa, kudikira kuti zimene ananena zichitike.

"Chiyamiko," Kalekeni anaitana motsitsa. "Ndabwera."

Milomo ya mwanayo inagwedezeka. Anameza. Zikope zinaphethira, maso n'kutseguka, akuyendayenda pankhope za anthu mpaka anaima pa bambo ake.

"Abambo… njala."

Amayi anayamba kulira, ena kuimba nthungululu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anabweretsa ziwiri ndi kapu ya madzi, osafunsa ndalama. Kalekeni anasungunula shuga wotsalayo m'madzimo, mwana n'kumwa, n'kuyamba kudya ndi manja onse awiri.

"Kodi sunadye kunyumba, mwanawe?" anafunsa mayi wa zitumbuwayo.

Chiyamiko anayang'ana Dorika, kenako bambo ake. Kalekeni anagwedeza mutu kuti anene.

"Amayi aakulu anati ndikadya ndioneka wokhuta, satipatsa kuponi. Ndinawauza kuti manja akunjenjemera, anati ndikhale chete. Ndinafuna kukuwa koma mawu sanatuluke."

"Nanga shuga wakoyo sumayenda naye?"

"Amandilanda. Amathira mu tiyi wawo."

Wina kumbuyo anaseka, kuseka kopanda chisangalalo, ndipo kunafalikira bwalo lonse.

"Tiyi wa shuga wa mwana wamasiye! Amakoma bwanji, mayi?"

"Mwamuvula ndi nsapato zomwe? Bwenzi mutavula zanuzo!"

"Thumba la feteleza, anthu inu! Mwana wa mng'ono wako kumusinthanitsa ndi thumba la feteleza!"

Dorika anafunda chitenje kumutu. Tsiku limenelo misozi inatulukadi, yambirimbiri, koma panalibe amene anamugwira paphewa. Anadzuka n'kudutsa pakati pa anthu amene ankamupatukira ngati wadzola zonunkha. Kuponi imene anaivutikira chonchi sanaidikirenso.

Kalekeni anamubereka mwana wake kuti azipita. Koma ataimirira anaona nkhope zonse zija, za amene anati khunyu, za amene anati ziwanda, za amene akanamuonerera mwanayo mpaka kuzizira, ali ndi shuga m'magolosale a kuseri kwa sukulu komweko. Anali munthu amene sanayankhulepo pagulu, ngakhale kutchalitchi, ngakhale pamaliro a mkazi wake. Anavula chipewa. Mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Si khunyu. Si ufiti. Sapatsirana. Ndi matenda a shuga, ndipo amagwiranso ana, osati akuluakulu okha. Mwana akamamwa madzi osakhuta, akamakodza pafupipafupi, akamawonda, nyerere zikamatsata mkodzo wake, musazungulire naye kwina. Kuchipatala. Wangayu ali moyo chifukwa cha jakisoni. Mukadzamuona wagwa panjira ine kulibe, mupakeni shuga m'kamwa. Basi."

Asanavale chipewa, mayi wina wamng'ono wa kutsidya kwa dambo, dzina lake Jane, anasendera akupotokola nsonga ya chitenje.

"Abambo, wanga Yobu nyerere zimamutsata. Watha, mafupa okhaokha. Apongozi akuti ndinamudutsitsa pamankhwala, akufuna andibweze kwathu."

"Mawa m'mawa mubwere naye. Ndikuperekezani."

Lameki anafika akusasa fumbi kumbuyo kwa buluku, kiyi ili m'manja, akumwetulira ngati palibe chachitika. "Alamu, izi n'zapabanja. Tikakambirane kunyumba bwinobwino."

Kalekeni anatenga kiyiyo osamuyang'ana. "Mwana agona kwanga."

Mwini mbumba anayang'ana anthu amene ankamudikira kuti ayese, n'kumupatukira.

Yobu anapezekadi ndi shuga, ndipo mvula isanathe anali akuthamangitsa mbuzi. Mayi ake anafotokozera anzawo kuchigayo, anzawowo n'kufotokozera ena. Abusa anamupempha Kalekeni kuti adzanene mawu aja pambuyo pa mapemphero. Kenako anamuitana kusukulu, kenako kumidzi ya kwa Simlemba. Ankapita panjinga, kamtsuko atakamangirira kutsogolo kuti aonetse makolo kasungidwe ka mankhwala, Chiyamiko ali pakaliyala ndi kajumbo kake m'thumba. Mawu ake sanachuluke. Ankanena omwe aja, n'kumaliza ndi "Basi." Amene ankamutcha dokotala ankawayankha kuti, "Sindine dokotala. Ndimangoperekeza."

Koma dzina linali litamera kale. Ndipo njira yochokera kumsewu kupita kwa Kalekeni imadutsa pakhomo penipeni pa Dorika.

Tsiku lina bambo wina wachilendo anaima pakhomopo, kamtsikana kowonda kali pamsana, milomo yake ili gwa ndi ludzu. Dorika anali pakhonde akumwa tiyi.

"Zikomo amayi. Tachokera kutali. Kwa adokotala a m'chigafa ndi kuti?"

Dorika anayang'ana m'kapu mwake. Dzinalo analipeka yekha, analifuula yekha m'mawa ndi madzulo mpaka mudzi wonse unaliloweza. Anatukula mutu n'kuloza ndi mlomo.

"Ndi achibale anu?" anafunsa mlendoyo.

"Alamu anga," anayankha.

"Aa, muli ndi mwayi, amayi. Anthu oterewa pabanja sapezekapezeka."

Dorika analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Mlendoyo anadabwa pang'ono, anakonza mwana pamsana, n'kutsata kumene mlomo unaloza.