Ndodo ya Giya Yonyezimila

Pakhomo pa a Josiah Kaphinda, kufupi ndi Msanzala, tsiku linkayamba ndi pemphelo. A Kaphinda ndi akazi awo, a Esitere, anabwela ku Zambia pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ana awo awili akali aang'ono. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela kwawo, koma iwo anatsala. Munda unali utawakonda, mpingo unali utawalandila, ndipo anawo, Rhoda ndi mlongo wake Aaron, ankalankhula Chinsenga ngati obadwila komweko.

Zaka zimenezo zipani zinali zitachuluka, ndipo boma linali litasiya kugula mbewu za alimi monga kale. Mlimi wopanda choyendela ankangodikila ogula oyendayenda, amene ankatchula mtengo umene afuna. A Kaphinda anagulitsa ng'ombe zawo n'kugula vaneti yakale. Galimoto imeneyo inkanyamula mtedza ndi thonje, inkathamangitsa odwala kuchipatala, ndipo amai a kwaya ankaikwela popita kumisonkhano. Banja lonse linkadalila iyo.

Aaron atamaliza sukulu, atate ake anamuphunzitsa kuyendetsa ndi kugwila sipanala. Manja ake anali aluso. Vuto lake linali limodzi: ankafuna kuti anthu azimuyang'ana akamadutsa.

Dzinja litatha, ndodo ya giya inayamba kugwedela. A Kaphinda anapita ku Petauke n'kukagula mabushi atsopano, tizipangizo tiwili ta pulasitiki wolimba timene timagwila ndodoyo kuti isasewele m'malo mwake. Anatipeleka kwa Aaron.

"Mailo ndipita ku Sasare, kumsonkhano wa akulu a mpingo. Ukachotsa ndodo utsuke bwino, uike mabushi awa, upake gilizi, umange mabauti onse. Usathamange. Giya ndi imene imagwila motoka potsika phili."

"Ndamva, Atate."

A Esitere, amene ankasenda mtedza pakhonde, anawonjezela osadzutsa mutu. "Ndipo usapite nayo ku Nyimba. Ndamva kuti ukumakhala ndi Jonas pamalo ogulitsila mowa. Mwana amene uja anasiya mkazi ndi khanda, iwe ukaphunzilako chiyani?"

"Anthu amangolankhula, Amai."

Atate ake atangonyamuka, Aaron analiza vaneti n'kulunjika ku Nyimba, mabushi ali m'thumba la malaya.

Jonas ankayendetsa minibasi ya pakati pa Nyimba ndi Lusaka, imodzi mwa zija zinadzaza pamsewu malamulo a zamalonda atamasulidwa. Anyamata onse a pasiteshoni ankamusilila. M'minibasi mwake munali ndodo ya giya yaifupi, mutu wake wonga galasi, duwa lofiila likuoneka m'kati. Akamasintha magiya, dzanja linkangogwedezeka pang'ono. Tsikulo Febby, mtsikana wogulitsa nthochi amene Aaron ankamufuna, anali atatsamila pazenela la minibasi akusisita mutu wa ndodoyo.

Jonas anasuzumila m'vaneti n'kuseka. "Iwe Aaron, ukali kuyendetsa ndi mpini wa khasu? Febby, bwela udzaone mmene amalimila mnzathu akamasintha giya."

Febby anabwela, anaona, n'kuseka nayenso. 

Jonas anagwila Aaron paphewa n'kupita naye kumowa. Chikho chitazungulila kangapo, anatulutsa pansi pa mpando ndodo ina yaifupi, yodulidwa n'kuwotchelela, mutu wake wonyezimila chimodzimodzi.

"Iyi ndi yako. Undipatse mabushi amene unandionetsa aja. Giyabokosi yanga ndi yako n'zamtundu umodzi."

"Nanga ine ndiikamo chiyani?"

"Chubu. Dula timalamba, ukulunge, umange. Mabushi ndi nzelu za amashopu zofuna kudyela anthu. Ife tonse pano timayendela chubu."

"Atate akadziwa andipha."

"Mdala wako angatsegule pansi pa giya kuti aone? Kapena mwana wa akulu a mpingo sangachite kanthu asanapemphe chilolezo?"

Aaron anapisa dzanja m'thumba n'kupeleka mabushi.

Atafika kunyumba anaimika vaneti pansi pa mtengo wa mango, mutu ukulemela ndi mowa. Anavula chimphila chophimba tsinde la ndodo, n'kumasula mabauti a kachitsulo kamene kamapanikiza ndodo kuti isazuke. Bushi yakale inatuluka zidutswazidutswa. Poyesa ndodo ya Jonas, anaona kuti tsinde lake linali laling'ono ndipo linkasewela m'bowo. Anadula chubu chakale cha njinga, n'kukulunga mpaka ndodo inakhala nji. Koma tsopano kachitsulo kaja kankakana kukhala pansi. Anakakamiza ndi sipanala. Bauti imodzi inathyokela m'kati, ina inangozungulila osagwila. Anayang'ana uku ndi uku, anatola waya wa mpanda, n'kumanga kachitsuloko mokhotakhota. Atabwezela chimphila, zonse zinabisika. Pamwamba panangooneka duwa lofiila m'galasi.

A Kaphinda atabwelako, anaima nthawi yaitali akuyang'ana ndodoyo.

"Ichi n'chiyani?"

"Yakale ija inali yopindika kunsi, Atate. Mnzanga wina wandipatsa iyi."

"Mnzako uti?"

"Wa kusukulu. Simumudziwa."

A Kaphinda anakhala pampando, anaponda kilachi, n'kuyendetsa ndodo m'magiya onse. Inali yolimba, yosagwedela, popeza chubu chinali chikali chatsopano m'malo mwake.

"Zonyezimila izi sindizikonda. Koma mabushi waikamo onse awili?"

"Ndaikamo."

"Ndiyang'ane. Waikamo?"

"Ndaikamo, Atate."

"Wagwila ntchito yabwino, mwana wanga."

Mawu amenewo anamuwawa Aaron kuposa ndodo ya pamsana.

Masabata otsatila ankapeza zifukwa zopitila ku Nyimba. Ankalowa pasiteshoni mothamanga, akusintha magiya mofulumila kuti injini imveke, ndipo Febby anayamba kukwela kutsogolo. Kwaya anaisiya. Kumunda ankafika dzuwa litakwela.

Mafuta ndi kutentha zinayamba kudya chubu chija. Tsiku lina akutsika kachitunda pafupi ndi kwawo, giya yachitatu inazuka yokha, injini n'kulila yopanda katundu. Anaibwezela mwamsanga. Mawa lake inazukanso. Anaphunzila kuyendetsa dzanja lili pandodo, akuikanikiza kuti isachoke. Atate ake masiku amenewo ankakhalila kumunda akukumba mtedza, ndipo sanayendetse.

Mantha atamukulila, anapita kwa Jonas.

"Undibwezele mabushi aja. Ndodo yako ndikubwezela."

"Mabushi ati? Ali m'minibasi yanga, akugwila ntchito. Ukufuna ndiphe anthu anga panjila?"

"Unanena kuti nonse mumayendela chubu."

Jonas anayatsa fodya. "Iwe si mwana. Unaona ndi maso ako, unasankha wekha."

Aaron anabwelela akudziuza kuti akagulitsa mtedza adzagula mabushi ena mobisa, n'kukonza zonse munthu asanadziwe.

Koma ulendo unafika msanga. Rhoda anapeza malo ku koleji ya aphunzitsi, ndipo a Kaphinda anaganiza zomupelekeza ku Lusaka ndi kukagulitsa mtedza komweko. Anapakila matumba mpaka vaneti inakhala pansi. A Esitere anapemphela atagwila chitseko cha galimoto.

"Atate, ndiyendetse ine," anatelo Aaron.

"Ndi katundu uyu, pa mapili aja? Ayi. Khala kuchitseko, Rhoda akhale pakati."

Mpaka ku Nyimba msewu unali wofatsa. Aaron ankangoyang'ana ndodo ija mmene inkanjenjemelela. Rhoda ankalankhula za koleji, za ana amene adzawaphunzitse, koma iye sanamve n'limodzi lomwe. Pamalo ena giya inazuka. A Kaphinda anaibwezela, nkhope itakwinyika.

"Mwina sindinalowetse bwino. Ndodo yaifupi iyi sindinaizolowele."

Anaima pa Kacholola kuti injini ipume. Rhoda anatsika kukagula chimanga chootcha. A Kaphinda anathila madzi, anagogoda matayala, kenako anaitana Aaron.

"Kuchoka pano mpaka ku Luangwa n'zitunda ndi zigwa. Ndi katundu wotele, mabuleki okha sangatigwile, amapsa. Tidzatsikila giya yachiwili. Ija yazuka kumbuyoku ikundidetsa nkhawa. Pali chimene unaona pamene unkamanga? Ngati chilipo nena, tigone pano tikonze."

Aaron anatsegula pakamwa. Anaona Rhoda akubwela, atavala diresi yatsopano, akumwetulila. Anaona anthu a pamsika amene akanamva atate ake akumukalipila. Anaganiza za mowa, za Jonas, za bodza limene akanayenela kulifukula lonse pamaso pa anthu.

"Palibe, Atate. Zonse zili bwino."

"Chabwino. Tiyeni."

Chitunda choyamba anatsika bwino. Chachiwili chinali chachitali, chokhotakhota, kumanzele kuli chigwa chakuya, kumanja kuli khoma la miyala pamene anasema phili popanga msewu. A Kaphinda analowetsa giya yachiwili. Injini inalila mwamphamvu, ikugwila galimoto. Kenako panamveka kuti thu, ndipo phokoso la injini linagwa. Vaneti inayamba kuthamanga yokha.

A Kaphinda anaponda kilachi n'kukoka ndodo kuti aibwezele. Ndodo yonse inazuka n'kutsalila m'dzanja lawo, timalamba ta chubu tikulendewela kunsi, kawaya kakuzungulila.

Anaiyang'ana kamphindi, kenako anayang'ana Aaron. 

Anaponya ndodo pansi n'kugwila chiwongolelo ndi manja awili. Anaponda mabuleki, kusiya, kupondanso. Vaneti inachepetsa pang'ono, kenako fungo la chinthu chopsa linadzaza m'kati. Phazi lawo linafika pansi popanda chogwila. Anakoka buleki ya dzanja, koma katundu anali wolemela kwambili. Kutsogolo kunali kona yakuthwa, ndipo kuseli kwake kunkatuluka utsi wa lole imene inkakwela.

Rhoda anayamba kupemphela mokweza. Aaron anagwila chitseko, akufuula mawu amene iye mwini sanawamve.

"Gwilani mitu," anatelo a Kaphinda.

Anakhotetsela kumanja, kuwoloka msewu, n'kupeleka mbali yawo ku khoma la miyala. Chitsulo chinalila pamwala, magalasi anaphulika, matumba anauluka pamwamba pa denga. Vaneti inakhuzumuka mtunda ndithu, inagunda chimwala chotulukila, n'kuima.

Aaron anatsegula chitseko chake n'kutuluka. Anali ndi kabala kamodzi pamphumi. Mtedza unali utamwazika msewu wonse. Rhoda anali atakomoka, thupi litapindika pansi pa mpando. Mbali ya woyendetsa inali itaphwanyikila m'kati, ndipo mwendo wa atate ake unali pakati pa zitsulo.

Anthu a m'lole ija anathamanga ndi zitsulo zotsegulila matayala. Pamene ankalimbana ndi chitseko, a Kaphinda anatsegula maso n'kufunafuna Aaron.

"Rhoda akupuma?"

"Akupuma, Atate."

"Aaron, mabushi ali kuti?"

Aaron anagwada paphula n'kunena zonse, anthu osawadziwa akumva. Zimene anaopa kunena pa Kacholola, pamene zikanangomutengela manyazi, anazinena tsopano magazi a atate ake akutsikila m'ngalande.

Kuchipatala mwendo wa a Kaphinda unadulidwa pamwamba pa bondo. Rhoda anathyoka chiuno, anagona miyezi, ndipo malo ake ku koleji anapatsidwa kwa wina. Mpaka lelo amayenda motsimphina. Vaneti anaigulitsa kwa ogula zitsulo. Jonas atafunsidwa ndi akulu a mpingo anati iye amangomuona Aaron pasiteshoni monga anyamata ena onse, ndipo Febby sanabwele ngakhale kudzazonda odwala.

A Esitere sanamumenye Aaron, sanamutukwanenso. Tsiku limene amuna awo anatuluka m'chipatala, anamuitanila kuseli kwa nyumba.

"Kuba unaba, kunama unanama, zimenezo Mulungu amakhululuka. Koma atate ako anakufunsa mlongo wako ali paulendo womwewo, ulendo usanafike poipa. Unayesa nkhope yako ndi moyo wa anthu awili, n'kuona kuti nkhope yako ndi yolemela. Chimenecho ukakambe ndi Mulungu wekha, ine ndilibe mawu."

Aaron anaimilila pamaso pa mpingo Lamulungu lotsatila n'kulapa. Atate ake, atakhala pampando wakutsogolo ndi ndodo zoyendela, anamuitana n'kumuika dzanja pamutu. Anamukhululukila ndi mtima wonse, ndipo sanatchulenso nkhaniyo. Koma kukhululuka sikunabwezele mwendo, sikunawongolenso chiuno cha Rhoda. Aaron ndiye amalima munda wonse tsopano, ndipo m'mawa uliwonse amathandiza atate ake kutuluka m'nyumba asanatenge khasu.

Iwe wachinyamata amene ukuwelenga izi, ngati pali ntchito imene makolo anakupatsa ndipo unaichita mwachinyengo, pita ukanene lelo. Adzakwiya, ndipo udzachita manyazi, koma manyazi amatha. Tchimo lobisika silipweteka wochimwa yekha. Nthawi zambili iye amatuluka ali bwinobwino, ndipo amene amalumala ndi anthu amene anamukhulupilila.