Funso la Dotolo Celeste

Loweruka limenelo Tiyamike adadzuka atatupa nkhope. Anzake ankapita kumsika, koma iye mayi ake adamutuma kuti aperekeze agogo ake, a Amadeu, ku bwalo la tchalitchi ku Matundo. Kudabwera madotolo a m'sukulu zaukachenjede za ku Brazil, ku Malawi ndi ku Maputo, ofufuza zomwe zimathandiza munthu kukalamba ndi thanzi.

M'njira, magalimoto opita ku migodi ya malasha ku Moatize ankawathira fumbi.

"Kale mumsewu uno munkadutsa abulu," adatero agogowo.

"Mudanena kale zimenezo," adayankha Tiyamike osacheuka.

Atafika, madotolo adawayeza a Amadeu kuthamanga kwa magazi ndi mphamvu za m'manja, ndipo zonse zidali bwino. Kenaka adakhala pansi ndi Dotolo Celeste wa ku Brazil. Chipwitikizi chake chidali chothamanga, agogowo sankachimva, choncho Tiyamike ndiye ankamasulira.

"Agogo, akufunsa kuti mukakhala ndi nkhani mumtima, mumauza ndani?"

A Amadeu adayamba kupotokola chipewa chawo m'manja.

"Ndinkauza agogo ako aakazi. Atatisiya, ndinkauza Américo, mnzanga amene tinkakonza naye njinga pansi pa mtengo wa bwemba. Tinkaseka mpaka kuiwala kuti tayala sitidapope. Malo atakwera mtengo, ana ake adagulitsa nyumba n'kumutengera ku Chingodzi. Pano kwathu anthu ndi ambiri, koma aliyense ali ndi zake. Ndimangoyankhula kuti pakamwa pasachite dzimbiri."

Dotolo adayang'ana Tiyamike, kudikira. Mawu amenewo adayenera kutuluka pakamwa pa Tiyamike yemwe. Adayamba kumasulira, koma adamaliza monong'ona.

"Yankho limeneli talimvanso ku Brazil ndi ku Malawi," adatero dotoloyo mofatsa. "Kusungulumwa kumafooketsa thupi ngati matenda."

Potuluka, Tiyamike sadakhotere njira yakwawo. Adaimitsa chapa, minibasi yopita ku Chingodzi.

"Mwana iwe, nyumba yake sindikuidziwa," adatero agogowo.

"Tikafunsa, agogo. Kwerani."

Adafunsa pamagolosale, adafunsa amayi ogulitsa masau, mpaka wina adawalozera nyumba ya mpanda wa malata. Pakhonde padakhala mkulu wina wowonda, maso ake atachita khungu. A Amadeu adaima pachipata n'kutsokomola.

Mkuluyo adadzutsa mutu.

"Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa. Amadeu! Mbala ya sipanala yanga, udakali moyo?"

"Sipanala udataya wekha mu Zambezi, wabodza iwe!"

Adakumbatirana, akuseka ndi kulira pamodzi. Tiyamike adakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Idagwera bwanji mumtsinje sipanalayo?" adafunsa.

Akuluakulu awiriwo adayamba kuyankha nthawi imodzi, aliyense akutsutsa mnzake.